Masukulu a zaumoyo akuchuluka m'chigawo, koma malabotale akutsalira

BLANTYRE – Pamene College of Medicine inkatsegulidwa mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 1991, dziko la Malawi linalibe malo ophunzitsira gawo loyamba la maphunziro a udokotala. Ophunzira oyambirira ankatumizidwa ku Britain, Australia ndi South Africa kukaphunzira za kapangidwe ka thupi la munthu ndi mmene limagwirira ntchito, ndipo ankabwerera kumudzi kudzamalizira maphunziro awo m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth Central. Odwala oti aphunzirirepo analipo ochuluka. Zomwe zinkasowa zinali zipinda, zipangizo ndi aphunzitsi.

Patapita zaka zoposa 30, zinthu zasintha kwambiri. Koleji ija inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing mu 2021 n'kukhala yunivesite yoima payokha yotchedwa Kamuzu University of Health Sciences. Maiko ena a m'chigawo cha kummwera ndi pakati pa Africa nawonso atsegula masukulu atsopano a madokotala, anamwino ndi akatswiri a sayansi. Komabe funso lomwe linavutitsa akuluakulu a maphunziro mu 1991 lidakalipo: kodi wophunzira akalowa pachipata cha sukulu, adzapeza malo okwanira ophunziriramo ntchito yomwe miyoyo ya anthu idzadalire?

Kukula kwa vutoli

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la m'chaka cha 2006 linapeza kuti maiko 57 anali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zachipatala, ndipo 36 mwa maikowa anali a mu Africa. Lipotilo linanena kuti chigawo cha Africa chinkasenza 24 peresenti ya matenda onse a padziko, pamene chinali ndi 3 peresenti yokha ya ogwira ntchito zaumoyo. Nthawi imeneyo muyezo unali woti pa anthu 1,000 aliwonse pakhale madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 2.3. Mu 2016 bungweli linakweza muyezowo kufika pa 4.45, ndipo maiko ambiri a m'chigawo chino akadali kutali nawo.

Mu 2023 WHO inatulutsa mndandanda wa maiko 55 omwe akufunika kutetezedwa kuti maiko olemera asamawalande antchito azaumoyo mwachisawawa. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali pamndandandawu.

Manambalawa amaoneka bwino pakagwa mliri. Kolera yomwe inabuka m'Malawi mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo ndi yoopsa kwambiri m'mbiri ya dzikolo. Namondwe wa Freddy anafika mu March 2023 mliriwu usanathe. Ku Mozambique, namondwe wa Idai anaononga zipatala ndi masukulu mumzinda wa Beira mu March 2019, kolera n'kutsatira pambuyo pake. Pazochitika zonsezi, anthu omwe ankafunika msanga anali anamwino, opima magazi ndi chimbudzi, oyeza madzi akumwa komanso okonza makina a m'chipatala. Onsewa amaphunzitsidwa m'malabotale a m'makoleji.

Masukulu atsopano

Kwa nthawi yaitali maiko ambiri ankadalira sukulu imodzi. Ku Zimbabwe ndi ku Mozambique maphunziro a udokotala anayamba mu 1963, ndipo ku University of Zambia anayamba mu 1966. Botswana ndi Namibia ankatumiza ana awo kunja.

Kuyambira cha m'ma 2000 masukulu anayamba kuwonjezereka. Yunivesite ya Katolika ya ku Mozambique inatsegula nthambi ya udokotala ku Beira, kenako boma linakhazikitsa UniLúrio ku Nampula ndi UniZambeze, yomwe nthambi yake ya zaumoyo ili ku Tete. University of Botswana inalandira ophunzira oyamba a udokotala mu 2009 ndipo anamaliza mu 2014. University of Namibia inayamba mu 2010. Ku Zambia, Copperbelt University inatsegula sukulu yake ku Ndola mu 2011, ndipo Levy Mwanawasa Medical University inakhazikitsidwa ku Lusaka mu 2018. Ku South Africa, Nelson Mandela University inatsegula sukulu yachikhumi ya udokotala m'dzikolo mu 2021.

Kutsegula sukulu ndi chinthu chomwe atsogoleri andale amachikonda, chifukwa chimaoneka ndi maso ndipo pamakhala mwambo wodula riboni. Koma kafukufuku wa masukulu a udokotala a kummwera kwa chipululu cha Sahara, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2011, anasonyeza mbali ina ya nkhaniyi. Kafukufukuyu anawerenga masukulu 168, ndipo anapeza kuti mavuto aakulu omwe ankalepheretsa masukuluwa kutulutsa madokotala ambiri komanso odziwa ntchito anali kuchepa kwa aphunzitsi ndi kuperewera kwa zomangamanga monga malabotale, malaibulale, malo ogona ndi makompyuta.

Chifukwa chake malo amachepa

Makolo ambiri amadabwa mwana wawo akakhoza bwino mayeso a sekondale koma osasankhidwa kukaphunzira unamwino kapena udokotala, pamene boma lomwelo likudandaula kuti zipatala zilibe antchito. Yankho lagona pa mmene maphunzirowa amayendera.

Kalasi ya mbiri yakale kapena ya malamulo ikhoza kukula kuchoka pa ophunzira 50 kufika pa 200 pongowonjezera mipando ndi chokuzira mawu. Maphunziro a sayansi ndi zaumoyo satero. Wophunzira za kupima magazi amayenera kukhala yekha pa makina oonera tizilombo kwa maola ambiri kuti diso lake lizolowere kusiyanitsa kachilombo ka malungo ndi kadontho ka utoto. Ngati makinawo ali khumi ndipo ophunzira ali 100, aliyense amangosuzumira kamodzi n'kupatsa mnzake. Wophunzira uzamba amayenera kuyeserera pa chidole chopangidwira ntchitoyi asanakhudze mayi woyembekezera, ndipo malamulo a mabungwe a anamwino amafuna kuti akhale atachiza amayi okwana nambala yoikika asanapatsidwe chiphaso. Wophunzira udokotala amafunika chipinda chosungiramo ndi kuphunziriramo matupi a anthu omwalira, chomwe chimafuna mankhwala, mpweya woyenda bwino ndi magetsi osazimazima.

Nkhani ya madokotala a mano ikupereka chitsanzo chabwino. Chaka cha 2019 chisanafike, Mmalawi aliyense wofuna digiri ya udokotala wa mano ankayenera kupita kunja, ndipo dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Maphunzirowa anayamba m'chaka chimenecho mothandizana ndi University of Glasgow komanso boma la Scotland. Chiwerengero cha ophunzira chinayenera kukhala chochepa chifukwa aliyense amafunika mutu wachidole woyesererapo, kenako mpando wa odwala wokhala ndi madzi, magetsi ndi zipangizo zophera tizilombo.

Palinso malire ena kunja kwa mpanda wa sukulu. Wodi imodzi singalandire ophunzira opitirira muyezo popanda kusautsa odwala, ndipo namwino mmodzi yemwe akusamalira odwala ambirimbiri sangapeze mpata woyang'anira ophunzira. Choncho mabungwe oona za ntchito zachipatala m'maiko a m'chigawochi amaika malire a chiwerengero cha ophunzira potengera malo, aphunzitsi ndi mabedi omwe alipo. Sukulu ikaphwanya malirewo pofuna ndalama za fizi, chotsatira chake ndi munthu wokhala ndi satifiketi koma manja ake osazolowera ntchito.

Phunziro la ku Malawi

Umboni woti kumanga kumathandiza ulipo. Mu 2004, pamene Edzi inali itafika pachimake ndipo anamwino ambiri ankapita ku Britain, boma la Malawi linayamba ndondomeko yapadera yowonjezera antchito azaumoyo mothandizidwa ndi boma la Britain komanso thumba la Global Fund. Anthu ambiri amakumbukira ndondomekoyi chifukwa inawonjezera malipiro a magulu 11 a antchito ndi 52 peresenti. Koma gawo lina la ndalamazo linapita ku makoleji: kumanga makalasi, malo ogona ophunzira ndi nyumba za aphunzitsi, kuphatikizapo m'makoleji a mipingo omwe ali pansi pa bungwe la CHAM.

Kauniuni yemwe anachitika mu 2010 anapeza kuti antchito a m'magulu 11 aja anawonjezereka kuchoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009, komwe ndi kukwera kwa 53 peresenti.

Chofunika kuchizindikira n'chakuti makoleji ambiri a mipingo ali kumidzi, monga ku Nkhoma, Ekwendeni, Malosa, Nguludi, Phalombe ndi Muona. M'malo otere mulibe nyumba zambiri za lendi. Kusowa kwa bedi m'hositelo kumatanthauza kuti wophunzira mmodzi, kawirikawiri mtsikana, watsala kunyumba. Kusowa kwa nyumba ya mphunzitsi kumatanthauza kuti mphunzitsiyo apita kukagwira ntchito ku bungwe lomwe si laboma mumzinda. Ndondomeko ya 2004 inayenda bwino chifukwa inaona nyumba, mphunzitsi ndi malipiro ngati nkhani imodzi.

Boma la America linatsata njira yofananako mu 2010 pamene linakhazikitsa ndondomeko ya MEPI, ya madola pafupifupi 130 miliyoni pa zaka zisanu, yothandiza masukulu 13 a udokotala m'maiko 12 a mu Africa. Mayunivesite a ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Botswana ndi South Africa anapindula ndi intaneti, zipinda zoyesereramo ntchito komanso malo ophunzirira m'zipatala za m'maboma. Ndondomeko inzake yotchedwa NEPI inathandiza makoleji a anamwino ku Malawi, Zambia ndi Lesotho.

Chikomekome cha mkuyu

Ngakhale zili choncho, nyumba yokongola siitanthauza kuti maphunziro akuyenda. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku Gaborone, chipatala chophunzitsira cha Sir Ketumile Masire, cha mabedi 450, chinakhala zaka zingapo chitamangidwa chisanayambe kulandira odwala mokwanira, ndipo chinadzagwira ntchito yaikulu mu 2020 ngati malo osamalira odwala Covid-19. Ngati izi zinachitika ku Botswana, dziko lomwe chuma chake chili bwinoko, maiko osauka ayenera kusamala kwambiri.

Kafukufuku yemwe akatswiri a ku Duke University anasindikiza mu 2011, ataunika zipangizo zoposa 100,000 za m'zipatala za maiko osauka, anapeza kuti pafupifupi 38 peresenti sizinkagwira ntchito. Zifukwa zazikulu zinali kusowa kwa anthu ophunzitsidwa, kusowa kwa dongosolo losamalira zipangizo ndiponso mavuto a magetsi ndi madzi. Malabotale a m'makoleji amakumana ndi mavuto omwewa. Makina amabwera ngati mphatso, koma mphatsoyo siiphatikizapo ndalama zogulira mankhwala opimira chaka ndi chaka, kapena zoitanira katswiri wokonza kuchokera ku Johannesburg kapena Nairobi.

Pafupifupi mankhwala onse a m'labotale amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti ya koleji iliyonse inafota tsiku limodzi. Magetsi nawo ndi nkhani ina. Namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndipo chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba mpaka magetsi ankazima kwa maola ambiri patsiku ku Zambia ndi Zimbabwe. Firiji yosungira magazi kapena tizilombo tofufuza ikazima kwa tsiku limodzi, ntchito ya miyezi ingapo imatayika.

Pachifukwa chimenechi, maphunziro a uinjiniya wa zipangizo zachipatala ndi ofunika mofanana ndi a udokotala. Sukulu yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, pano MUBAS, komanso Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, zimaphunzitsa ntchitoyi. Makina otchipa othandiza ana akhanda kupuma, otchedwa Pumani, anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central, ndipo anafalikira m'zipatala za boma. Ichi ndi chitsanzo cha zomwe zimatheka pamene labotale ya sayansi ili pafupi ndi wodi.

Chitsanzo china chinaoneka mu November 2021, pamene asayansi a ku Botswana ndi South Africa anakhala oyamba kuzindikira mtundu wa Omicron wa kachilombo koyambitsa Covid-19. Luso limeneli silinabwere mwangozi. Linachokera m'malabotale omwe anamangidwa ndi kusamalidwa kwa zaka zambiri pofufuza za HIV ndi chifuwa chachikulu. Mu 2023 Stellenbosch University inatsegula nyumba ya kafukufuku wa zaumoyo ya ndalama zokwana R1.2 biliyoni, ndipo mu 2024 ku Blantyre kunatsegulidwa nyumba ya CREATOR yophunzitsira madokotala ukatswiri ndi kafukufuku.

Ndalama zichokera kuti?

Zomangamanga zambiri za m'makoleji a m'chigawochi zamangidwa ndi ngongole kapena thandizo lakunja. Yunivesite ya ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, inamangidwa ndi ngongole ya madola pafupifupi 80 miliyoni yochokera ku banki ya boma la China. Mu 2016 World Bank inavomereza ndalama zokhazikitsira malo 24 a ukatswiri m'mayunivesite a maiko asanu ndi atatu a kummawa ndi kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania. Mu 2021 banki yomweyi inavomereza madola 100 miliyoni a ndondomeko ya SAVE yokulitsa makoleji ndi masukulu a ntchito zamanja m'Malawi.

Obwereketsa ndalama amakonda kulipira zinthu zomwe zimatha kuwerengedwa, monga zipupa, madenga ndi makina. Malipiro a mphunzitsi, mankhwala opimira, mafuta a jenereta ndi kukonza denga lodontha zimasiyidwa m'manja mwa boma. Apa ndi pomwe pagona vuto. Mu 2001 ku Abuja, atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti zawo ku zaumoyo, koma ndi maiko ochepa omwe akwaniritsa lonjezoli chaka ndi chaka. Cholinga cha African Union choti dziko lililonse liziika 1 peresenti ya chuma chake pa kafukufuku nachonso sichinafikiridwe m'maiko ambiri, ngakhale ku South Africa komwe.

Chaka cha 2025 chinaonetsa kuopsa kodalira thandizo lakunja. Mu January boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kumaiko ena, ndipo pofika July bungwe la USAID linali litatsekedwa. Ntchito zambiri za kafukufuku wa HIV ndi chifuwa chachikulu m'chigawochi zinakhudzidwa. Ndalama za kafukufuku zotere ndi zomwe m'mayunivesite ambiri zimalipira akatswiri a m'labotale, intaneti ndi maphunziro apamwamba a aphunzitsi achinyamata. Zikachepa, wophunzira wa chaka choyamba nayenso amamva kuwawa kwake.

Akamaliza apita kuti?

Pali ena omwe amatsutsa zowonjezera malo ophunziriramo, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Iwo amafunsa phindu lophunzitsa anamwino ambiri pamene boma likulephera kulemba ntchito omwe anamaliza kale. M'zaka zapitazi, mabungwe a anamwino ku Malawi akhala akudandaula za anamwino ambiri omwe akhala pakhomo opanda ntchito, ndipo mu 2024 madokotala achinyamata ku South Africa anachita zionetsero pofuna kulembedwa ntchito. Ku Zimbabwe, bungwe la boma loona za antchito azaumoyo linanena mu 2022 kuti antchito oposa 4,000 anali atachoka kuyambira 2021, ambiri kupita ku Britain.

Izi zikusonyeza kuti kuchepa kwa antchito m'zipatala kuli ndi mizu iwiri: kuchepa kwa ophunzitsidwa ndi kuchepa kwa ndalama zowalipira. Kukonza mbali imodzi yokha kumatanthauza kuti okhometsa msonkho a ku Lilongwe kapena Harare akulipirira maphunziro a antchito a zipatala za ku Manchester. Dziko la Zambia linasonyeza mu 2022 kuti mbali yachiwiriyi ikhoza kukonzedwa pamene linalemba ntchito anthu azaumoyo oposa 11,000 m'chaka chimodzi. Pangano lolimbikitsa maiko kuika ndalama pa antchito azaumoyo, lomwe linakhazikitsidwa ku Windhoek mu May 2024, likutsindika mfundo yomweyi, yoti unduna wa zamaphunziro, wa zaumoyo ndi wa zachuma uzikonzera limodzi mapulani.

Njira zomwe zilipo

Palibe dziko m'chigawochi lomwe lingathe kumanga labotale yamtundu uliwonse palokha, ndipo mutu umodzi susenza denga. Pangano la SADC la maphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997, linapempha mayunivesite kusunga malo osachepera 5 peresenti kwa ophunzira ochokera m'maiko ena a m'bungweli, komanso kuwalipiritsa fizi ngati nzika. Pangano limeneli litatsatidwa mokwanira, wophunzira wa ku Tete akhoza kuphunzira ku Blantyre, ndipo wa ku Mchinji akhoza kupita ku Lusaka kukaphunzira zomwe kwawo kulibe zipangizo zake.

Bungwe la COSECSA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lasonyeza njira ina. Limaphunzitsa madokotala ochita maopaleshoni m'zipatala zomwe zilipo kale m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo za mishoni ndi za m'maboma, ndipo mayeso amakhala amodzi. Ndalama zochepa zokonzera chipinda cha opaleshoni, laibulale ndi nyumba ya wophunzira pachipatala cha m'boma zimathandiza odwala ndi ophunzira nthawi imodzi.

Maboma akhozanso kuika lamulo loti ngongole iliyonse yomangira labotale iziphatikizapo ndalama zokonzera zipangizo kwa zaka zingapo, magetsi adzuwa, ndi maphunziro a akatswiri okonza makina. Ayeneranso kuyang'ana kumasekondale. Masukulu ambiri a sekondale oyendera a kumidzi alibe labotale, ndipo ana ambiri amafika pa mayeso asanagwirepo zipangizo zomwe akufunsidwa. Malo a m'makoleji a zaumoyo akawonjezeredwa izi zisanakonzedwe, adzapitiriza kudzaza ndi ana a m'masukulu a m'tauni, omwe kafukufuku wa m'maiko ambiri wasonyeza kuti sakhalitsa pantchito kumidzi poyerekeza ndi omwe anakulira komweko.

Ngongole zomwe zikumanga makoleji lero zidzabwezedwa ndi ana omwe panopa ali ku pulayimale. Ngati aphungu a nyumba za malamulo akufuna kudziwa ngati ndalamazo zagwira ntchito, chiwerengero cha nyumba zomwe zatsegulidwa sichingawauze zambiri. Ayenera kufunsa kuti ndi makina angati omwe akugwirabe ntchito patatha zaka zisanu, ndi aphunzitsi angati omwe akadali pasukulupo, ndiponso ndi omaliza maphunziro angati omwe akugwira ntchito pachipatala cha kumudzi.